Malo okhomapo DB yatsopano pafupi ndi mita: yambani ndi tepi ndi choko

Kwa azakhali anga ku Kapata, mu Chipata, mtondo unali ndi ntchito ziwiri. Masana unkasinja nsinjiro. Usiku fyuzi ikapsa, ankauvundikira pakhomo la kukhitchini n'kukwerapo kuti afikire bokosi la mafyuzi, lomwe womanga nyumbayo analikhoma pamwamba pa chitseko, pafupi ndi siling'i. Mayi wa zaka zoposa 60, foni ili kukamwa ngati tochi, dzanja limodzi pa felemu, linalo likufufuza kafyuzi kadothi kaja. Titachotsa bokosilo tinapeza kuti fyuzi ya sitovu inalibe waya wake woyenera. Wina anali atakulungamo kopa wokhuthala ngati msomali, ndipo thabwa lakumbuyo linali litada bii ndi kutentha.

Anthu ambiri akamasintha bokosi lakale n'kuika DB, bokosi logawa malaiti m'nyumba lokhala ndi ma breaker (ma switch odula okha malaiti pakachitika vuto), amaganizira za mtengo ndi mtundu wa bokosi. Za malo amangoti, "Ikani pomwe panali linalo," kapena "Bisani kuseri kwa kabati, lisamaoneke alendo akabwera." Koma malo ndiwo ovuta kusintha pambuyo pake. Breaker mumasintha m'mphindi 10, pamene kusamutsa DB n'kuswa khoma. Ntchito yolumikiza mawaya ndi ya mmisiri wophunzira, wokhala ndi pepala la TEVETA komanso wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Kusankha malo ndi kwanu, ndipo mukhoza kumaliza mmisiriyo asanabwere ndi chikwama chake.

Choyamba, dziwani malire anu

Mita si yanu, ngakhale ili pakhoma lanu ndipo mumaigulira ma units mwezi ndi mwezi. Mita, chidindo chake, ndi waya wochokera pa polo ndi za ZESCO, kampani ya malaiti. Zanu zimayambira pamene mawaya atulukira pa mita kulowa m'nyumba. Choncho funso si lakuti mita tiisamutsire kuti, koma lakuti DB tiibweretse pati kuti iyandikire mita. Ngati n'zosatheka ndithu ndipo mita iyenera kusuntha, pitani ku ofesi ya ZESCO mukapemphe. Mmisiri amene akukuuzani kuti adula yekha chidindo n'kudzabwezeretsa bwinobwino akukugulirani mlandu, ndipo dzina lolembedwa pa akaunti ndi lanu, osati lake.

Tulukani panja mukaone kuti muli ndi mita yamtundu wanji. M'nyumba zina ili m'bokosi pakhoma lakunja. M'nyumba zakale ili mkati, pathabwa limodzi ndi mafyuzi. Kwina mita yeniyeniyo ili pamwamba pa polo, ndipo m'nyumba muli ka keypad kokha kolowetsera manambala. Kameneka kamasokoneza anthu. Keypad si mita, ndipo DB siyenera kuitsatira. Ngati mita yanu ili pa polo, malo oyambira kuyeza ndi pamene chingwe cha ZESCO chafikira pa nyumba.

Chachiwiri, yezani mtunda

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pakati pa mita ndi DB pamadutsa mawaya okhuthala omwe amisiri amawatchula ma tails. Malaiti onse a m'nyumba amadutsa mmenemo: sitovu, giza, ayironi, filiji, zonse pamodzi, pa 230V. Waya wa soketi ukasupuka n'kukhudza chitsulo, switch yoteteza ya mu DB yotchedwa earth leakage imadula malaiti pakangothawa 30mA. Ma tails alibe mwayi umenewo, chifukwa ali kumtunda, malaiti asanafike pa earth leakage. Chowateteza ndi breaker yaikulu yokha ya kumbali ya mita, yomwe m'nyumba zambiri ndi ya 60A. Breaker imeneyo imateteza waya kuti asapse, siteteza munthu. Mwana amene akukhoma msomali wopachikapo kalendala n'kuboola waya ameneyu, breaker ya 60A singamve n'komwe kuti pali munthu akuvutika.

N'chifukwa chake ma tails ayenera kukhala aafupi, ndipo njira yake idziwike. Ku Britain, komwe kunachokera mapulagi athu a mano atatu komanso zambiri zomwe amisiri athu amaphunzira, makampani ogawa magetsi kawirikawiri salola ma tails otalika kupitirira mamita 3 popanda switch ina yokhala ndi fyuzi pafupi ndi mita. Ine ndimatsata muyezo womwewo ngakhale kuno, chifukwa nzeru yake ndi yomveka. Tengani tepi, muyeze mmene waya adzayendere, osati mmene mbalame ingaulukire. Kukwera khoma, kukhota pa kona, kutsika, zonsezo muwerengere. Malo amene maso akuti ndi pafupi, tepi imatha kunena kuti ndi mamita 5.

Malo abwino koposa, ngati mita ili pakhoma lakunja, ndi kuseri kwa khoma lomwelo, mkati. Mita kunja, DB mkati, zitafulatirana. Waya amangoboola njerwa n'kulowa, osakwana n'komwe mita imodzi kutalika. Bowolo alipendeketse pang'ono kutsikira kunja kuti madzi a mvula asatsate waya kulowa m'bokosi, aikemo paipi ya PVC, ndipo atseke mipata kumapeto onse. Kutseka kumeneku musakuone kuchepa. Ndinatsegulapo DB ku Mchini yomwe inkangothima popanda chifukwa chooneka, n'kupezamo nalimata atauma gwaa pakati pa live ndi neutral, ndipo pakona mavu anali ataumba chisa chadothi chachikulu ngati chibakera. Onsewo analowera pa bowo la paipi lomwe linasiyidwa pululu.

Nanga kuseri kwa mitako kukakhala bafa kapena chipinda chogona cha ana? Musakakamize. Sunthani DB kupita pamalo oyenera, ndipo ngati mtunda wapitirira mamita 3, mmisiri aike switch yokhala ndi chitetezo pafupi ndi mita, kenako akoke chingwe cholimba kupita ku DB. Chingwe chodutsa panja kapena pansi pa nthaka chikhale cha armoured, chija chokutidwa ndi mawaya achitsulo. Pa breaker ya 60A, kopa wa 16mm² ndiye amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, ndipo mtunda ukatalika kwambiri mmisiri awerengere ngati pakufunika wokulirapo. Wina akakuuzani kuti 6mm² yotsala pa sitovu ikwana, muthokozeni, mufune wina. Waya wokwiriridwa m'khoma ayende molunjika, choimirira kapena chopingasa kuchokera pa bokosi, osati chodutsa pakati ngati njira yachidule ya kumunda, kuti aliyense wodzakhoma msomali azitha kulingalira pamene wadutsa.

Chachitatu, chotsani malo osayenera

Lowani m'nyumba ndi choko. Pali malo amene muyenera kuwakana musanaganize n'komwe.

Bafa ndi chimbudzi, ayi. Pamwamba pa sitovu, ayi, ngakhale sitovuyo ikhale yoti mumaisuntha. Nthunzi ya nsima ndi mafuta a chiwaya zimakwera n'kumata pa ma breaker, fumbi n'kumatirira pamafutapo, ndipo tsiku limene poto wayaka moto mudzafunika kupisa dzanja m'malawi kuti muthimitse malaiti. Pafupi ndi mpopi kapena sinki, ayi. Malamulo a ku South Africa, komwe kumachokera ma breaker ena ogulitsidwa m'mashopu athu, amaletsa DB wamba kukhala pasanathe mita imodzi kuchokera pa mpopi, ndipo muyezowo ndi wabwino kuutengera. Yang'ananinso kumwamba. Ngati giza ili m'siling'i pamwamba pa khomalo, tsiku lina idzadontha, ndipo madzi amatsata paipi ya waya ngati ngalande.

Khoma lenilenilo lifufuzeni. Mu Okutobala makoma onse amaoneka ouma, ndiye musanyengeke. Fufuzani zipsera za dzinja lapita: penti yotukusira, mizere yachikasu yotsika kuchokera ku malata, mchere woyera pa pulasitala. Nyumba za m'munsi mwa mapiri athuwa, kumene madzi amatsetsereka mu Januwale ndi Febuluwale, zimakonda kunyowa kuchokera pansi. Khoma lokhala ndi njira za chiswe nalonso ndi lokayikitsa.

Kenako pali malo amene si oopsa lero koma adzakhala oopsa mawa: mkati mwa wadiropu, kuseri kwa kabati ya mbale, ndi m'sitolo. Ndikudziwa mmene sitolo imaonekera mu Epulo, yopanda kanthu, khoma lonse poyera. Bwererani mu Julayi chimanga chitalowa. Matumba a 50kg afika kudenga, DB ili kuseri, ndipo pambali pali chigubu cha petulo wa jenereta ndi silinda ya gasi. Breaker ikamadula imathetheka pang'ono mkati mwake, choncho gasi ndi petulo zisayandikire.

Chipinda chogona chokiyidwa nachonso chili ndi vuto lake. Bambo apita ku Lusaka ndi kiyi m'thumba, ayironi yathimitsa malaiti, banja lonse ligona mumdima masiku atatu nyama ikuwola mu filiji. Kolido, kapena khoma la pafupi ndi khomo lakumbuyo, ndi kumene ndimakonda. Aliyense amafikako, ndipo moto ukabuka munthu amathimitsa akutuluka, osati kulowa mkati mwa utsi kukafuna switch.

Chachinayi, msinkhu

Itanani munthu wamkulu wamfupi kwambiri m'nyumbamo. Aime chilili, opanda mpando, opanda mtondo, atambasule dzanja. Switch yaikulu ikhale pamene iye akufika mosavuta ndipo akutha kuwerenga zolembedwa. Kwa mabanja ambiri zimenezi zimagwera pakati pa mamita 1.4 ndi 1.8 kuchokera pansi. Malamulo a ku South Africa aja amaika malire a pamwamba pa mamita 2.2, ndipo salola bokosi losavuta kutsegula kutsika pansi pa mamita 1.2 chifukwa cha ana. Ngati muli ndi ana okonda kutokosa zinthu, yankho ndi bokosi la chitseko, osati kulikweza kudenga.

Kutsogolo kwa DB kukhale malo oti munthu aime n'kugwira ntchito ndi manja awiri, pafupifupi mita imodzi. Tsegulani zitseko zonse zapafupi muone ngati china sichidzamenya mmisiri kumsana ali ndi sikuludiraiva m'bokosi. Mukakhutira, jambulani bokosilo pakhoma ndi choko, mulisiye masiku awiri kapena atatu. Mudzadabwa kumva mayi a m'nyumba akuti, "Pamenepotu m'pamene ndimafuna kuika filiji yatsopano."

Chachisanu, mawaya akale afika?

Apa m'pamene ndalama zimathawira, ndipo anthu ambiri amazindikira khoma litaswedwa kale. Mawaya onse a m'nyumba, a mababu, a masoketi, a sitovu, a giza, anadulidwa molingana ndi bokosi lakale. Mukasuntha DB ngakhale mita imodzi, ena safika.

Ngati mawaya amatsika kuchokera m'siling'i ndipo DB yatsopano ili pakhoma lomwelo cham'mwamba kapena cham'mbali pang'ono, nthawi zina amafika okha. Kwa azakhali zinali zosiyana, chifukwa tinkatsitsa bokosi kuchoka pamwamba pa chitseko kupita mu kolido, ndiye waya aliyense anaperewera. Njira zilipo ziwiri. Yabwino koposa ndi kukoka waya watsopano kuchokera pa soketi kapena switch yoyamba ya mzere uliwonse mpaka ku DB, popanda cholumikiza pakati. Yotsika mtengo ndi kusandutsa malo akale kukhala bokosi lolumikizira: waya aliyense alumikizidwe ndi mnzake wa saizi yomweyo pa ma connector omanga ndi sikuluwu, m'bokosi la chivundikiro chotsegulika. Waya wa 1.5mm² wa mababu apitirire ndi 1.5mm², wa 2.5mm² wa masoketi ndi 2.5mm², wa 6mm² wa sitovu ndi 6mm². Chimene musalole ndi kupota mawaya ndi pulayasi, kukulunga tepi yakuda, n'kumata simenti pamwamba. Mfundo yotero imatentha pang'onopang'ono, pansi pa malata otentha kale, pamene palibe amene akuiona.

Samalaninso mitundu. Mawaya akale ndi ofiira ndi akuda, pamene ena atsopano ndi a bulauni ndi a buluu. Wofiira amagwirizana ndi wa bulauni, wakuda ndi wa buluu, ndipo wa earth ndi wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu. Nyumba ikakhala ndi mitundu yonse iwiri, mmisiri alembe zimenezo pa chitseko cha DB kuti wodzabwera pambuyo asasokonezeke.

Muuzeni mmisiri awerenge mizere yonse ndi kukupatsani mitengo iwiri: wosiya DB pamalo akale, ndi woisamutsa. Ngati malo akale ndi ouma, ofikirika, ndiponso pafupi ndi mita, musasunthe chifukwa cha maonekedwe okha. Koma ngati ali pamwamba pa sitovu kapena pofunika mtondo, lipirani kusiyanako.

Chachisanu ndi chimodzi, earth ndi sola

DB imafuna waya wopita ku ndodo ya earth yokhomedwa pansi panja. Kuno mphezi za kumayambiriro kwa dzinja sizichita masewera, choncho njira ya waya ameneyu ikhale yaifupi ndi yolunjika, ndipo ngati thumba likulola ikani surge protector, kachipangizo koteteza katundu ku mphamvu ya mphezi, mu DB momwemo. Ndodo ikhomedwe pa dothi losunga chinyezi, ndipo pomangira pake pakhale poonekera kuti padzathe kuyezedwa. Ndaonapo nyumba zambiri zimene ndodo inakwiriridwa ndi konkire wa khonde, waya anaduka kalekale ndi khasu la wolima maluwa, eni ake osadziwa.

Siyani malo pambali. Chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, chinatiphunzitsa tonse mtengo wa kukhala maola ambirimbiri opanda malaiti, ndipo nyumba zambiri zinaika sola ndi inverter. Ngakhale mulibe lero, siyani khoma lopanda kanthu pafupi ndi DB, lokwana changeover switch, yosinthira nyumba pakati pa malaiti a ZESCO ndi anu, ndi kabokosi kena ka mizere yofunikira monga mababu, filiji ndi TV. Mabatire amafuna mpweya ndi malo ozizirirapo, ndiye kolido yopanikizika si yabwino kwa iwo, koma akhoza kukhala m'chipinda choyandikana. Gulaninso DB yokhala ndi mipata yotsala. Ngati mizere yanu ndi 8, tengani bokosi la 12. Jenereta kapena inverter isalumikizidwe popanda changeover, chifukwa malaiti ake amabwerera pa chingwe cha panja n'kupha munthu amene ali pa polo akuganiza kuti chingwe n'chozima.

Kanthu kena kakang'ono kwa amene mita yawo ili pa polo. Ma keypad ena amalankhulana ndi mita kudzera m'mawaya a malaiti omwewo, ndiye amafuna soketi yolumikizidwa mwachindunji ku mbali ya ZESCO. Mukaika keypad pa soketi ya inverter, manambala amakana kulowa. Pemphani soketi imodzi yotero pafupi ndi DB.

Mapuloti a lendi

Ku Navutika ndi m'makomboni ena muli mapuloti a mabanja anayi kapena asanu pa mita imodzi. Eni puloti amakonda kuika DB m'chipinda cha mlendi mmodzi, kawirikawiri amene ali pafupi ndi polo. Mlendiyo akapita kumaliro ku Katete n'kukiya, wina n'kuyatsa ketulo ndi hotipuleti nthawi imodzi, mkangano wake umafika kwa tcheyamani. Pamalo otere DB ikhale pakhonde lofikirika ndi onse, m'bokosi la panja losalowa madzi, la IP65, pansi pa denga, ndipo khomo lililonse likhale ndi breaker yake yolembedwa. Pewani khoma loyang'ana kumadzulo. Dzuwa la Okutobala limafooketsa pulasitiki, ndipo breaker yotenthedwa imadula msanga isanafike pa mlingo wake, alendi n'kumanenana za ufiti.

Tsiku la ntchito

Konzani kuti malaiti adzathima tsiku lonse. Ngati ma tails akufunika kumasulidwa pa mita yokhala ndi chidindo, a ZESCO adziwitsidwe pasadakhale kuti adzazimitse ndi kudindanso. Mmisiri atsimikize kuti mawaya azimadi ndi choyezera chenicheni, osati kasikuludiraiva koyaka kaja kokha, ndipo ngati muli ndi inverter aizimitsenso. Asanamasule kanthu, jambulani bokosi lakale ndi foni, ndipo waya aliyense amatidwe kapepala kolemba kumene akupita.

Pemphani kuti mawaya akale ayezedwe asanalumikizidwe. Mafyuzi akale ankalekerera zolakwika zambiri zimene earth leakage siilola. Babu la panja lolowa madzi, element ya giza yotha, neutral ya mzere wina yosakanikirana ndi ya mzere wina, zonsezi zimayamba kuthimitsa malaiti DB yatsopano itangolowa. Mwini nyumba amati bokosi latsopanolo ndi loipa, ndipo mmisiri waulesi amachotsa earth leakage kuti mtendere ubwere. Musavomere. Cholakwikacho chinalipo kale, chifunidwe n'kukonzedwa.

Akamaliza, breaker iliyonse ilembedwe m'mawu amene a m'nyumbamo amawamva: sitovu, giza, mababu a kuchipinda, masoketi a pabalaza. Dinani batani lolembedwa T kapena TEST pa earth leakage muone kuti ikudula nthawi yomweyo, ndipo muzichita zimenezi miyezi ingapo iliyonse. Jambulani khoma asanamate pulasitala kuti njira ya mapaipi isaiwalike, ndipo sungani pepala la zoyeza lomwe mmisiri wasaina.

Kwa azakhali tinamaliza dzuwa litalowa. Ndinathimitsa switch yaikulu dala, nyumba yonse mdima bii, n'kuwapempha kuti achoke pabalaza akayatse okha. Ndinamva mapazi awo mu kolido, dzanja likukwekwesa khoma, kenako kachitseko ka bokosi kutseguka. Mababu anayaka. Anayang'ana DB, n'kuyang'ana ine, n'kuti, "Mwanawe, kalembedwe aka n'kakang'ono. Pa sitovu ulembenso ndi zilembo zikuluzikulu, magalasi ndimawasiya kuchipinda." Ndinatenga maka n'kulembanso.